Khoma la amayi a Yeukai

Inali cha m'ma sikisi m'mawa Lachiwiri, ine ndili pakati potsuka mapoto kuseri kwa nyumba, pamene ndinamva mpeni ukupala khoma la anansi anga. Anali a Simao, bambo a Yeukai. Anali atagwada ndi ovololo yawo ya ku balani, akuchotsa penti yemwe anapaka okha Lachisanu lapitalo. Chigamba chilichonse chikamatuka chinkachoka ndi dothi la pansi pake.

A Simao anabadwira pa pulazi yomwe ino, famu ya kufupi ndi tauni ya Beatrice, makolo awo atachokera ku Tete. Masiku ano amagwira maganyu kwa eni minda atsopano, kusonkha moto m'mabalani a fodya, kusankha masamba, pena kukonza mpope. Koma pa komboni pano timawadziwa ndi zojambula. Chiyambire unyamata wawo amajambula pa makatoni ndi pa zidutswa za matabwa: ng'ombe, mathirakitala, akazi atasenza nkhuni. Alendo akabwera amawaonetsa, dzina lawo lili pakona m'munsi.

Utoto wake sunali wogula. Amene ankaukonza anali akazi awo, a Luiza, ndipo ine ndinkawaperekeza kokumba. Dothi lofiira tinkalipeza pa chulu china kuseri kwa damu, loyera ku dambo, ulendo wa maola awiri ndowa ili pamutu. Tikafika, a Luiza ankalisinja mu mtondo, kulisefa ndi nsalu, kuliviika masiku atatu pamodzi ndi utomoni wa mtengo wa minga kuti lizigwira. A Simao ankangolipeza pa windo lili m'mabotolo a chiponde. Lotsala ndilo a Luiza ankakongoletsera khoma la kutsogolo chaka chilichonse tikatha kukolola. Ankapaka ndi chikhatho ndi kansanza, mizere itatu ndi timapiri toyera pakati pake. Palibe ankalitcha lojambula khomalo. Tinkangoti amayi a Yeukai ndi aukhondo.

Zaka ziwiri zapitazo Yeukai, mwana wawo wamkazi yemwe amagwira ntchito ku Ruwa, anawabweretsera tabuleti yakale ndi kacholembera kake. A Simao anazolowera msanga. Ankaitchaja pa sola ya ku golosale ya a Nobert, ndipo Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ankationetsa zodabwitsa zake. Utoto uliwonse umabwera ukangogusa. Ukalakwitsa umadina kamuvi, cholakwacho n'kufufutika ngati sichinachitike. Tsiku lina, tonse tili pomwepo, anatembenukira kwa akazi awo akuseka.

"Amayi a Yeukai, pumulani tsopano. Matope anu aja atha ntchito, mitundu yonse ili muno."

Tinaseka, nanenso ndinaseka, ndipo ndinawapempha kuti ajambule nkhope yanga. Mawa lake ndinawaona a Luiza akutsuka mabotolo aja, n'kuikamo mchere ndi mbewu za maungu. Khoma lokha ndilo sanalisiye.

M'mwezi wa Juni chaka chino a Luiza anagwa ku dimba, n'kufa ziwalo mbali yakumanja. Yeukai anawatengera ku Ruwa kuti akhale pafupi ndi chipatala. Mawu amatuluka, koma amodziamodzi. Khomalo linadutsa nyengo yake osapakidwa, ndipo linatuwa ndi fumbi. Yeukai ataimba foni kuti abwera nawo kunyumba Loweruka lino, a Simao anafuna kuti akazi awo adzapeze khoma likuwala. Analijambula chithunzi pa tabuleti, anachikulitsa, anayeserapo mitundu mpaka itafanana, kenaka anakwera kombi kukagula zitini zitatu za penti wamafuta ku Beatrice.

Ndinawaona akutsegula chitini choyamba. Mkazi aliyense pa komboni pano amadziwa kuti penti wotere sagwira pa khoma lozira ndi dothi. Ndinaima ndi tsache m'manja, ndinaganiza kuti munthu wojambula sauzidwa za utoto ndi ine, ndipo ndinapitiriza kusesa. Anapaka kuyambira pa chitseko kukafika pakona, theka la khoma. Masiku awiri linanyezimira. Tsiku lachitatu dzuwa linalitukusira matuza, penti n'kuyamba kupindika, akukoka mizere ya a Luiza.

M'mawa wa Lachiwiri uja a Nobert anadutsa pa njinga, napondetsa phazi pansi.

"Sekuru Simao, mukuvutikiranji ndi mpeni? Dinani kamuvi kanu kaja libwerere."

A Simao sanaseke. A Nobert anayang'ana khomalo kachiwiri, anatsokomola, napalasa njinga.

Ndinapukuta m'manja n'kupita kukawapatsa moni a Simao. Anandionetsa pamene anayesera dzulo lake. Anatapa dothi lofiira la m'mbali mwa msewu, analisakaniza ndi madzi, analipaka ndi bulashi. Litauma linkayoyoka ukangolikhudza. Anati theka lotsalalo sakufuna ngakhale kuliyandikira, chifukwa ndi lokhalo lomwe lili ndi zala za akazi awo. Anati a Luiza sadzakumbanso dothi, ndipo akadzatsika kombi Loweruka adzaona chimene chachitika, koma sadzatha kuwakalipira. Chimenecho ndicho chinkawasowetsa mtendere.

Ndinawauza kuti ndinaona akuyamba, ndinadziwa, ndipo sindinanene. Anapukusa mutu ngati sizikuwakhudza. Anandifunsa chimene amathiramo kuti dothi ligwire. Ndinawauza za utomoni, za kusefa, za masiku atatu oviika. Anawerenga ndi zala. Tikakumba lero, likhala lokonzeka Lachisanu madzulo.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikujambula ndi utoto umenewu," anatero, maso ali pa mpeni. "Sindikudziwa kumene unkachokera. Ndinkangoona abwera ndi ndowa."

Ndinali ndi ganyu yomangirira matimati tsiku limenelo, ndipo ndinkadziwa kale kuti sindipitako. Ndinawakumbutsa kuti mwamuna sakumba dothi lozirira, kuti akadutsa pa golosale ndi ndowa anthu adzakamba mpaka Khirisimasi, komanso kuti dzanja lawo silidzatulutsa timapiri tofanana ndi ta a Luiza. Anavomera zonsezo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi khasu ndi ndowa ziwiri, naima patsogolo panga atavula chipewa.

"Amayi a Ruvimbo, ndapota nanu, mundiperekeze ku dambo. Inu muzingoloza. Kukumba, kusenza ndi kusinja ndichita ndekha."