Chaka Chimene Asisi Anasiya Kuyendera Odwala

M'zaka za m'ma 1990 ndinkagwira ntchito m'kabungwe kena koyendera odwala m'midzi ya ku Domasi. Matenda aja anali atavuta, ngakhale dzina lake sitinkalitchula. Tinkangoti uje akudwaladwala. Ntchito yathu inali kusambitsa odwala, kuwatsuka zilonda, ndi kuonetsa abale awo kasamalidwe kake.

Ndinkayenda ndi mayi wina wamkulu kwa ine, amene tonse tinkangowatchula kuti asisi. Anali anthabwala. Ankatha kuseketsa munthu amene sanalawe kanthu chidzukire.

Kusintha kwawo kunayamba pang'onopang'ono. M'mawa tikamadutsa pa Songani, akalipentala ankakhala atayala mabokosi a maliro pamalo pomwe kale ankayala mipando. Asisi anayamba kumatsika njinga n'kuima, maso ali pa mabokosiwo. Tsiku lina anandiuza motsitsa mawu, "Laling'ono lija n'la mwana wa kuseri kwa tchalitchi uja." Mwanayo anali adakali moyo. Tinamuika sabata yomweyo.

Kenako anayamba kuyang'anitsitsa ngakhale anthu athanzi, pakhosi, m'milomo, m'tsitsi. Nthabwala zinatha. Asisi anauza mayi wotiphikira tiyi ku ofesi kuti, "Mwachepa thupitu inu," ndipo mayiyo sanabwerenso kuntchito mawa lake. M'midzi munayamba manong'onong'o a ufiti. Pakhomo pena, atangoona njinga zathu, anatseka chitseko, wodwala akubuula m'katimo.

Abwana athu, bambo ofatsa kwambiri, anaitana mayi wina wa ku Zomba amene anagwirapo ntchito pakati pa othawa nkhondo a ku Mozambique. Ife tinkayesa abwera kudzatikumbutsa za kuvala magolovesi. Koma anatikhazika pa mabenchi kuseri kwa ofesi n'kufunsa, "Mukafika kunyumba kuchokera kwa odwala, mumayamba mwachita chiyani?"

Bambo wina anati amasamba mpaka khungu kuwawa. Ine ndinati nyama ndinasiya kudya chifukwa cha fungo. Asisi anayankhula pomaliza.

"Ine ana anga akaweruka kusukulu ndimawavula malaya, n'kumafufuza zilonda pamsana. Wamng'onoyo masiku ano akandiona amathawira kumunda."

Mayi wa ku Zomba uja anati, "Asisi, umenewu si ufiti, si misalanso ayi. Mwaona zambiri, ndipo palibe amene anakufunsani kuti inuyo muli bwanji."

Anauza abwana kuti munthu mmodzi asamapite kwa odwala mwakayakaya tsiku ndi tsiku, ndiponso kuti Lachisanu lililonse tizikhala pansi n'kumauzana zomwe zatilemera. Abwana anasamutsira asisi ku munda wa mpunga umene bungwe linkalimira ana amasiye. Kumeneko nkhope yawo inamasuka, nthawi zina ankaimba nyimbo za kwaya ali m'matope. Koma m'nyumba ya wodwala sanalowemonso, ndipo pakhomo paja anatitsekera chitseko sanatitsegulirenso mpaka maliro anachitika.

Misonkhano ya Lachisanu inatithandiza ndithu. Abwana ndiwo ankanyamula mabenchi okha. Mpunga utayamba kucha, abwanawo anayamba kutsokomola, kenako kujomba kuntchito. Pofika nyengo yozizira, nyumba yawo inali m'gulu la nyumba zomwe ndinkayendera, ndipo akazi awo ankandidikirira panjira ndi beseni la madzi ofunda.