Ndani Wayala Bedi la Abambo?

Faifi koloko madzulo inawapeza Asisita atapinda mikono ya bulauzi, akuwapukuta amuna awo kumsana. Chiwagwereni matenda a sitiroko, abambowo sankatha kudzitembenuza, ndipo mawu awo ankatuluka odukaduka. Asisita atawerama kuti afinye kansalu m'beseni, maso awo anagwera pa ngodya ya bedi. Anasiya kufinyako.

Nsalu inali itapindidwa ngati envulopu, yokokedwa bwino, yopanda khwinya. Pakamwa pa thumba la pilo panali patayang'ana kukhoma, osati kukhomo. Kayalidwe kameneko ankakadziwa. Kanali kawo.

Anthu a mumsewu mwawo ankawatchabe Asisita, dzina la kale ali namwino wa muwodi. Kumeneko ndi kumene anayambira, kusambitsa odwala ndi kukataya za m'mapoto. Kenako anayamba kuphunzitsa, nakawonjezera sukulu ana awo ali kale akuluakulu, mpaka anawasankha kukhala mkulu wa koleji ya anamwino. Ngakhale anali ndi ofesi yakapeti, phunziro limodzi anakana kulisiya: kuyala bedi. Ophunzira a chaka choyamba onse ankadutsa m'manja mwawo. Aphunzitsi anzawo ankaseka kumbali kuti zimenezo n'zachikale, koma aliyense wochokera pakolejipo ankadziwika ndi ngodya ya bedi lake.

"Alamu!" anaitana.

Mchemwali wa amuna awo, amene ankakhala ndi wodwalayo masana, analowa akupukuta manja.

"Bedi ili wayala ndani?"

"Nanga muno tilimo angati? Ndine."

"Mwayamba liti kupinda chonchi? Tasololani, muyalenso ndione."

Alamuwo anaseka, koma maso ali pansi. "Iii, ndiye mayeso afika mpaka kuno? Ine si mwana wanu wasukulu, alamu."

Abambo pabedipo anayesa kutukula dzanja. "A... ana," anatero. "Oye... oyera."

Alamu anakhala pampando. Anaulula kuti masana kumabwera atsikana awiri ovala yunifolomu. Amawasambitsa abambo, kuwatembenuza, kuyala bedi, n'kumapita. Amawatuma ndi wachiwiri wa Asisita kukoleji.

"Anati ndisakuuzeni, mungakane. Anati n'chifundo chabe."

Chaka chatha Asisita omwewa anachotsa mphunzitsi wina ntchito chifukwa chotuma ophunzira kukachapa kunyumba kwake. Anaima pamaso pa onse n'kunena kuti mwana wa munthu anabwera kudzaphunzira, osati kudzagwirira aphunzitsi ntchito yaulere. Tsopano a bungwe loyang'anira koleji anali pafupi kukumana kuti aone ngati Asisita apitirize ukulu wawo. Akachoka iwo, mpando unali wa wachiwiriyo.

Anakumbukira mmene mayiyo ankawafunsira m'mawa uliwonse, mutu ataupendeketsa: "Abambo agona bwanji, amayi?" Anakumbukiranso kuti sabata yomweyo anamupeza akunong'onezana ndi mlembi wa bungwe, ndipo atawaona anasintha nkhani. Chikomekome cha mkuyu. Komanso ndi mayi yemweyo amene anagona nawo pabenchi yachipatala tsiku limene abambo anagwa. Msampha kapena chifundo? Kaya. Bungwe silikafunsa za mtima wa munthu. Likafunsa kuti atsikanawo ankatani m'chipinda cha mkulu wawo nthawi ya maphunziro.

"Akufuna kundidyera masuku pamutu, inu n'kuwatsegulira chitseko?"

"Ine za mipando yanu sindizidziwa," anayankha alamu. "Chimene ndikudziwa n'chakuti achimwenewa ndi olemera ngati thumba la simenti. Inu mumachoka m'mawa mutatchena. Msana wangawu munaufunsapo?"

Asisita anayang'ana manja a alamuwo, osweka ndi sopo. Mayiyu anasiya makina ake osokera kuti adzakhale muno, ndipo palibe anamulonjeza kanthu. Kukoleji Asisita ankaphunzitsa kuti wodwala wotere satembenuzidwa ndi munthu mmodzi. Kunyumba kwawo anali asanaganizepo kuti wachiwiri wogwira mbali inayo ndi ndani.

Anamaliza kuwapukuta abambo, n'kuwaveka malaya. Kenako anasolola ngodya ya nsalu ija, n'kuilowetsa pansi pa matiresi mwachisawawa.

Mawa akanena okha nkhaniyi kwa wapampando wa bungwe, wina asanawatsogolere. Koma mawa lomwelo masana abambo adzafunika kutembenuzidwa.

Anatuluka n'kukaima pampanda. Mnansi wawo, Amake Mapasa, anali kuanula zovala.

"Odi, Amake Mapasa. Atsikana ovala zoyera aja mumawaona?"

"Timawaona, Asisita. Msewu wonse ukuti ukulu ndi wokoma."

Asisita ankadziwa kuti akufuna kusenzetsanso mayi wina katundu, ndipo mawuwo anatuluka movutikira.

"Mawa akabwera muwabweze, muwauze kuti ndatero ine. Ndiye masana, ngati mungathe, mudzawathandize alamu anga kutembenuza abambo. Si zaulere ayi, tikambirana, ndi alamunso ndikambirana nawo. Tabwerani panopa ndikuonetseni pogwira, mungadzathyoke msana."