Dokotala wa Pampu ya Njinga

Fungo la sipiriti kusikelo, komwe ndinaperekeza mdzukulu wanga dzana, landikumbutsa mlandu wa ku Ndirande. Ndinauyambitsa ndine, ndipo sindinapepesepo.

Ndili Fomu 1, kwathu kunali mkangano wa katemera wa chikuku. Bambo ankafuna kuti mlongo wanga Esinati akabayitse. Mayi ankati jakisoniyo adzamulepheretsa kubereka. Masiku amenewo za boma sunkakana poyera, unkangobisa mwana.

Loweruka lina ndinavala chikhoti choyera cha bambo cha kubutchala, ndi kutenga pampu ya njinga.

"Akatemera tafika! Tulutsani ana!" ndinakuwa.

Mayi a Dauda, oyandikana nafe, anakankhira mapasa awo kunsi kwa bedi. Mayi a Joji anatuluka atamupindira kale mwana malaya. Mayi anga anavundikira Esinati ndi bafa.

Bambo anazindikira chikhoti chawo. "Adokotala, poti ntchito mwaiyamba, muimalize."

Lolemba anandibereketsa Esinati pachitenje mpaka kuchipatala, mayi akung'ung'udza pambuyo, atsikana akundiseka. Ine ndinkangowabayibitsa ngati nduna.

Esinati anadzabereka ana asanu, kenako anatisiya chaka chatha. Chilango chimene chija atandipatsanso lero, ndingamubereke mpaka pamwamba pa phiri.