Mmene penti inapengetsera mkulu wa mpingo wa ku Thyolo

Ine sukulu ndinalekeza sitandade faifi, ndiye musandifunse kuti luso ndi chiyani. Koma ndikudziwa chimene penti ndi bulashi zinamuchita munthu wina wa ku Thyolo, chifukwa ndinalipo, ndipo chala changa ichi chinathandizira.

Masiku amenewo ndinkagulitsa masiwiti ndi ndudu za imodziimodzi pa Joubert Park ku Joni, pafupi ndi pamene ojambula zithunzi ankaima ndi makamera awo. Pakati pawo panali mnzathu wa ku Dedza, wamtali ngati nsungwi, zala zosatha penti. Iyeyo kamera analibe. Ntchito yake inali kupenta nsalu zikuluzikulu zoti anthu aziima kutsogolo kwake pojambulitsa. Ankapentapo nyumba yosanja, geti lobiriwira, ndi galimoto yofiira itaima pakhomo. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi tinkabwerekana jekete imodzi, aliyense nkuima pamenepo dzanja m'thumba ngati mwini wake. Zithunzizo zinkapita kumudzi.

Nditapita kwathu ku Ntcheu chaka china ndinapeza mageti obiriwira atatu m'mudzi umodzi, lina lopanda ndi mpanda womwe, mbuzi zikungodutsa mbali iyi ndi iyo. Anthu ankamanga zimene anaziona pansalu. Anyamata ankagulitsa njinga za abambo awo kuti adzaione galimoto yofiirayo ku Joni, nkudzatipeza tikugona anthu eyiti m'chipinda chimodzi, titagawana ndi makatani.

Kenako kunabwera mafoni a kamera, malonda a nsalu nkufa. Mnzathu wa ku Dedza anayamba kundipempha ndudu. Anamupulumutsa ndi mayi wina wachizungu, wa ndolo zamatabwa, amene anali ndi nyumba yopachikamo zithunzi zogulitsa. Anayang'ana nsalu zija nkumuuza kuti dzanja ali nalo, koma akulionongera pa mabodza. Anati masiku ano ojambula enieni akuonetsa zilonda za tauni. Pasanathe mwezi mnzathuyo anasunga ndevu, nkuyamba kuyenda ndi ojambula ena a ku Soweto amene ankanena kuti chithunzi chokongola ndi tchimo. Ndikamupatsa moni ankandiyang'ana nthawi yaitali ngati akundiyeza bokosi.

Tsono munthu wa ku Thyolo uja. Anali bambo ofatsa, olankhula motsitsa, ndipo kwawo anali mkulu wa mpingo. Lamlungu ankavala tayi. Masiku enawo ankakoka ngolo ya chisaka chachikulu, kutola mabotolo ndi makatoni m'mabini a kumayadi galimoto ya zinyalala isanadutse, nkukagulitsa pa sikelo. Kumaso ankavala chipewa chaubweya choboola maso okha. Akazi awo ankadziwa kuti amagwira ntchito ya mabotolo, ndipo limenelo silinali bodza kwenikweni. Anali mkamwini. Ndi mabotolo omwewo anamanga nyumba ya njerwa ndi malata pamalo a kuchikazi. Atakhala ku Joni zaka zisanu ndi zinayi, anatiuza kuti mvula ya chaka chimenecho ikangotha akubwerera kwawo, osadzabweranso.

Wa ku Dedza anawanyengerera ndi tiyi ndi buledi kuti awajambule ali pantchito. Anawalonjeza kuti chithunzicho chidzaonedwa ndi azungu okha. Anawapemphanso kuti avule chipewa, ati nkhope ndiyo imagula mtima. Ine ndinaona akupenta, ndipo ndinganene kuti dzanja analidi nalo: mphuno yawo, chipsera cha pachipumi, zonse zinalipo. Koma maso anawafiiritsa, malaya anawang'amba, nthiti nkuwonjezera ziwiri, pakuti mzungu sagula munthu wokhuta. Dzanja limodzi analilowetsa m'bini mpaka m'chigongono.

Tsiku lopachika zithunzizo tinapitako masana, titamva kuti kuli vinyo waulere. Kunalidi, ndi tizakudya tobaya pa timitengo, toti ungadye makumi awiri mimba osadziwa kuti kwabwera alendo. Azungu ankaima patsogolo pa bambo a ku Thyolo, mitu itapendekeka, wina mpaka kupukuta misozi. Eni akewo sanabwere, linali tsiku la mabini.

Ine nditamwa matambula atatu ndinatulutsa foni, nkujambula chithunzicho, nkuchiponya pa gulu lathu la anthu akumudzi. Pansi pake ndinalemba kuti onani akulu a mpingo akufunafuna nkhosa zotayika. Anthu anaseka, inenso ndinaseka mpaka kutsamwa. Ndimo mmene ndilili. Amayi anga ankati ndidzasekanso pamaliro anga omwe.

Masiku awiri okha chinafika ku Thyolo. Tsono muganize. Kuno ku Joni munthu wopisa dzanja m'bini ali pantchito. Kumudzi wopisa dzanja m'dzala ndi wamisala basi. Nanga munthu angapenge bwanji ku Joni pamene kwawo nyumba ikukwera? Yankho aliyense ankalidziwa: anakhwima, nkulakwitsa chizimba. Mwana wa mlamu wawo anali atamwalira chaka chapitacho, achipatala atanena kuti ndi malungo. Tsopano anthu anayamba kukumbukira kuti malata anafika mwezi womwewo. Amalume a mayiwo anaitana ankhoswe. Kumpingo anawachotsa paudindo osawafunsa nkomwe. Uthenga unabwera woti asadzapondenso pamudzipo.

Bambo aja anafika pa tebulo langa cha m'mawa, ngolo ataisiya pakona. Ndinasuntha mabokosi a ndudu kuti tikamamenyana asaphwanyike. Koma iwo anangondipatsa moni wa manja awiri, nkunditcha achimwene. Anandipempha kuti, poti ndine ndinatumiza, ndiimbire amalumewo ndiwauze kuti mutu wawo uli bwinobwino.

Ndinaimba. Amalumewo anali munthu wosafulumira. Anandisiya ndilongosole zonse, za sikelo, za penti, za mayi wa ndolo zamatabwa. Kenako anandifunsa ngati mkamwini wawoyo amapisadi dzanja m'zinyalala za anthu. Ndinavomera. Anafunsa ngati ndi zoona zimene amva, kuti amayenda atabisa nkhope dzuwa likuswa mtengo. Ndinavomeranso, nkuyamba kufotokoza za fumbi.

“Bambo, inu si amene munalemba za nkhosa zija?”

“Ndine, koma zinali nthabwala chabe.”

“Ndiye lero mwasiya liti nthabwala?”

Foni anadula.

Bambo aja anavala tayi, nkujambulitsa pa foni ataima bwinobwino, Baibulo m'manja. Kumudzi anayankha kuti wamisala aliyense amakhala ndi masiku ake abwino. Tinapita kwa wa ku Dedza kuti iyeyo alankhule nawo, avomere kuti maso ofiira ndi nthiti anachita kuwonjezera. Anasisita ndevu zake nkutiuza kuti iye sanajambule munthu mmodzi, anajambula tonsefe, ndipo luso silipepesa. Ndinamufunsa kuti ngati ndi tonsefe, bwanji chipsera chili cha munthu mmodzi. Anati sindingamvetse, ndine wa sitandade faifi. Pamenepo ananena zoona. Chithunzicho chinali chitagulidwa kale, akuti chili pabalaza pa dokotala wina kumayadi, mwina mumsewu womwewo umene bambo aja amadutsa ndi ngolo Lachiwiri.

Zitatero ojambula ena anayamba kusaka okoka ngolo ngati mbewa. Anthu athu nawo anachenjera. Ukangotulutsa foni pafupi ndi Mmalawi ali pantchito, amatembenuka nkukuonetsa msana.

Mvula inagwa, inatha, bambo aja sanapite. Chaka chotsatira ine ndikukonzeka ulendo wa ku Ntcheu, anandipatsa ya basi kuti ndikafike ndi ku Thyolo, ndikangoona ngati nyumba ilipo. Anati ndisakalankhule ndi munthu, pakamwa panga pawathandiza kokwanira.

Ndinapita. Makoma ndinawapeza, denga palibe. Ndinamva kuti alamu awo anati malata a zizimba sangasiyidwe pamwamba pa ana, ndiye anawazula kuti achotse tsoka. Tsokalo ndinaliona likunyezimira padenga pa mlamu wamkulu, lina pa khola lake la nkhumba. Mayiwo anali atabwerera m'nyumba yaudzu ya amayi awo. M'chipinda chogona munali mutamera bonongwe, ndipo mayi wina ankathyola ndiwo.

Nditabwerera ku Joni bambo aja anandipeza ndisanayale nkomwe masiwiti. Ndinawauza kuti nyumba ili chilili, malata akuwala, pakhomo posesa bwino, ndipo ana anenepa. Ndinawonjezera kuti mayi abzala maluwa pakhonde. Maluwawo ndiwo anandigwiritsa. Anandiyang'ana, nkugwedeza mutu pang'onopang'ono.

“Zikomo achimwene. Ndiye kuti anagumula.”

Ndinalumbira, kutchula ndi Mulungu yemwe. Iwo anagula siwiti imodzi, nkukulunga chingwe cha ngolo padzanja, nkuwoloka msewu kulowera ku sikelo.