Kamera Imene Inalowa m'Beseni la Mafoni

Alongo anga aakulu amayendetsa thiraki, ndipo akachoka ku ulendo safika chimanjamanja. Amagula katundu wakale kumene apitako, mawailesi, nsapato, nthawi zina mafoni, n'kudzagulitsa kuno ku Lusaka. Chaka chimene mwana wanga anabadwa, mwezi wa Okutobala, anafika kwathu ku Kanyama ndi kachikwama kakuda. Anakhala pa mpando wapulasitiki pakhomo, n'kutulutsa makamera awiri okutidwa ndi thaulo.

"Amake mwana, sankha imodzi," anatero. "Inayo nizakagulitsa mu tauni. Nabwera Sande ya mawa."

Ndinangopukuta manja pa chitenje ngakhale anali ouma.

Iwo ankadziwa kuti ndimakonda kujambula. Sukulu ndinalekeza giredi seveni, ndipo pagulu sinditha kuyankhula. Mawu amandithera pakhosi, ngakhale pofunsa mtengo wa tomato pamsika. Koma ndikagwira foni ya amuna anga n'kujambula amayi akutchalitchi, zithunzi zinkatuluka bwino, moti ena anayamba kunditumizira uthenga kuti ndipite kukawajambulira ana awo. Alongo anga ankati foni ikundichedwetsa, ntchito imeneyi ingathe kundidyetsa.

Kamera yoyamba inali yokulirapo, ya lamba wovala m'khosi. Anati ogulitsa amaitcha milalesi, chifukwa ilibe kagalasi kamkati kamene makamera akale anali nako. Lenzi yake, galasi lakutsogolo lija, imachoka, ukhoza kuikapo ina ukaipeza. Pamwamba inali ndi kabowo kosuzumiramo ndi diso limodzi. Yachiwiri inali yaing'ono, yokwana m'dzanja, yakuda ndi yaphwatalala ngati foni yonenepa. Lenzi yake siichoka, imangotuluka yokha ukayatsa. Koma anati ndisaiderere, chifukwa sensa yake, kachipangizo kamkati kolandira kuwala, ndi yaikulu, ndipo imaona bwino ngakhale m'nyumba za mdima ngati yathuyi.

"Ine nikuona monga ka kang'ono ndiye kako," anatero akunyamuka. "Iwe na manyazi yako, na mwana kumbuyo, chikamera ichi uzachinyamula bwanji?"

Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi.

Sabata imeneyo ndinayesa onse awiri. M'mawa ndikatha kusesa, ndinkakhazika mwana pa mkeka pafupi ndi khomo, pamene dzuwa limalowa pang'ono. Anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, atangoyamba kukhala yekha. Yaing'ono ija ndinkaigwira ndi dzanja limodzi, lina ndikumuchirikiza kuti asagwe chagada. Inkajambula mwakachetechete, ndipo ngakhale m'chipinda mwathu, momwe zenera lake ndi laling'ono, nkhope yake inkaoneka bwino mpaka malovu apachibwano. Ndinkaipisa m'chitenje popita kukatunga madzi ku kiyosiki, osaoneka. Ndinajambula zigubu zachikasu zili pamzere, ndi amayi ogulitsa makala akuwomba m'manja kuchotsa fumbi. Palibe amene anatembenuka.

Yaikulu inkafuna manja onse awiri. Mwana akakhala kutsogolo ankakoka lamba n'kuika m'kamwa. Tsiku lina ndinachotsa lenzi kuti ndione mkati, ndili panja, mphepo ya Okutobala ikuulutsa fumbi la mumsewu. Kuyambira pamenepo zithunzi za kumwamba zinkatuluka ndi kadontho kakuda pakona. Ndinachita mantha kuti ndaiwononga. Ndiponso nditaivala m'khosi n'kutuluka pageti, anthu a pa plot yathu anayamba kufuula kuti, "Ba camera! Tikopeniko!" Kukopa ndi mmene timanenera kujambula kuno. Ndinabwerera m'nyumba msangamsanga.

Amuna anga, amene amamanga nyumba za anthu, anawayang'ana onse awiri madzulo ena akudya. Anati yaing'ono ndi yabwino mu minibasi, chifukwa akuba saiona. Pofika Lachinayi mtima wanga unali utasankha kale yaing'ono.

Loweruka la sabata yomweyo kunali kicheni pate ku Matero. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu ankakwatitsa mwana wake wamkazi, ndipo anali atandipempha kalekale kuti ndidzajambule. Kicheni pate ndi phwando la amayi okhaokha. Mkwatibwi amalowa atafundidwa chitenje thupi lonse, alangizi akumutsogolera ndi ng'oma, ndipo amakhala chofundidwa mpaka akuchimuna atabwera kudzamuvundukula. Mayi wa mkwatibwi uja sanafune wojambula wamwamuna. Anandigwira dzanja kunja kwa tchalitchi n'kunena kuti, "Mwana wanga, vina vonse olo uphonye. Koma pamene apongozi ake azamuvundukula, apo nifuna chithunzi. Ine pa yanga kunalibe wokopa." Aka kanali koyamba kuti munthu andiitane ngati wojambula weniweni, osati ngati mnzawo wokhala ndi foni. Ndinkadziwa kuti chithunzi chimenecho chikalephereka, palibe mayi wina wa mumpingo amene adzandiitanenso.

Ndinabereka mwana, yaing'ono ndinaiika m'dzanja. Yaikulu sindinafune kuitenga, koma loko wa chitseko chathu ndi wofooka, ndipo sinali yanga. Ndinaikulunga m'thaulo lake n'kuiika pansi pa chikwama, pamwamba matewera ndi botolo la phala.

Phwando linali kuseri kwa nyumba ina yakale ya kanselo, pansi pa tenti. Pageti panaima mlangizi wamkulu, mayi wonenepa wa duku lofiira, atanyamula beseni lapulasitiki. Aliyense wolowa ankaponyamo foni. Ndinamva amayi akutsogolo kwanga akunena kuti pa phwando lina atsikana anajambula magule a alangizi n'kuwaika pa intaneti, mpaka amuna ndi ana anaona zimene sayenera kuona. Choncho alangizi anagwirizana kuti mafoni azitsala pakhomo.

Nditafika ine, anayang'ana m'dzanja mwanga.

"Na imwe ba mayi, ikani umu."

"Si foni," ndinatero. Koma mawu anatuluka aang'ono kwambiri, ndipo kuseri ng'oma zinali zitayamba kuyesedwa.

"Mwati chani? Fakani, kumbuyo kuli banthu. Muzatenga potuluka, sitidya mafoni ise."

Amayi a kumbuyo kwanga anaseka. Ndinkafuna kunena kuti ndine wojambula, kuti mayi wa mkwatibwi ndi amene wandiitana. Mawu onse anali okonzeka m'mutu. Koma maso ambiri anali pa ine, ndipo dzanja langa linangotsika lokha. Kamera ija inagona m'beseni pakati pa mafoni, ndipo kunena zoona, inkafanana nawo ndithu.

Ndinakakhala pa mpando wakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi mpanda. Ndinamasula mwana n'kumuyamwitsa, ngakhale sanali kulira. Mayi wa mkwatibwi ndinkamuona patali, atavala chitenje chofanana ndi abale ake, akuthamanga uku ndi uku ndi mbale. Kuti ndimufikire ndinayenera kudutsa pakati pa tenti yonse. Ndinakhala pomwepo, ndikuwerenga njerwa za mpanda.

Kenaka ng'oma zinasintha kamvekedwe, nthungululu zinalira. Mkwatibwi ankalowa chokwawa, atafundidwa chitenje chobiriwira, alangizi awiri m'mbali mwake. Amayi onse anaimirira, ndipo ine sindinkaonanso kanthu koma misana ndi maduku. Pamenepo ndi pamene ndinapisa dzanja m'chikwama, pansi pa matewera. Sindinganene kuti ndinalimba mtima. Ndinangokumbukira dzanja la mayi uja pa dzanja langa kunja kwa tchalitchi.

Ndinabereka mwana, n'kuvala lamba m'khosi, n'kuimirira. Mayi amene anali kutsogolo kwanga anatembenuka, anaona kamera pachifuwa panga, n'kugunda mnzake ndi chigongono.

"Iwe, patuka, ba camera bapite."

Mnzakeyo anauza wina, winanso anakoka mpando wake. Njira inatseguka yokha mpaka kutsogolo. Ndinayenda maso ali pansi. Wina anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Letani mwana, simungasebenze naye kumbuyo." Anali mayi wa kwaya yathu, ndiye ndinamumasulira. Ndikanakhala ndilibe kamera ija, sindikanapempha munthu kuti andigwirire mwana, ndipo palibe amene akanaganiza zondifunsa.

Kutsogolo ndinakumana ndi mlangizi wa duku lofiira uja. Ndinkati andilanda iyinso. Iye anayang'ana kamera, osati nkhope yanga.

"Nanga munali kuti nthawi yonse iyi? Imililani apa. Mverani: povundukula kopani, pa mphatso kopani. Koma tikamanga vitenge m'chiuno kuti tivine, kamera iyang'ane pansi. Tamvana?"

Ndinagwedeza mutu. Sanafune yankho lina.

Mkwatibwi anakhazikidwa pa mkeka. Akuchimuna analowa akuimba, apongozi ake patsogolo, mayi wamfupi wa magalasi. Ndinakweza kamera n'kuika diso pa kabowo kaja. Chimene chinachitika sindinachiyembekezere. Tenti yonse inachoka. Kamera inaphimba nkhope yanga, diso lina ndinatsinzina, ndipo ndinatsala ndekha m'kachipinda kamdima, ndikuona anthu awiri okha. Sabata yonse ndinkajambula ndi yaing'ono nditaitambasula kutsogolo ngati foni, nkhope yanga ili poyera. Apa munthu aliyense akanandiyang'ana akanaona kamera basi.

Apongozi anayamba kupinda chitenje pang'onopang'ono kuchokera kumapazi, monga mwa mwambo, akuima kuti anthu aponye ndalama, kenaka n'kupitiriza. Ndinajambula maondo, manja opindidwa, mapewa. Chitenje chitafika pamutu ndinagwada kuti ndikhale wofanana ndi mkwatibwi msinkhu. Nkhope itaonekera, mtsikanayo anayenera kuyang'ana pansi osaseka, ndipo anayesadi. Koma apongozi ake anamunong'oneza kanthu, ndipo pakamwa pake panagwedezeka pang'ono. Ndinadina pomwepo.

Alangizi atamanga zitenje m'chiuno, ndinatsitsa kamera n'kuiyang'anitsa pansi. Mlangizi uja anandiyang'ana kamodzi ali pakati pa gule, anaona, n'kupitiriza.

Zithunzi zambiri za tsiku limenelo sizinali zabwino. Zina zinagwedezeka, zina mitu inaduka, ndipo pa zimene panali denga loyera la tenti kadontho kaja kankaoneka pakona. Ndikukhulupirira kuti yaing'ono ikanajambula zofanana, mwinanso zoposa. Koma chija cha povundukula chinatuluka. Nditamuonetsa mayi wa mkwatibwi pa kagalasi kakumbuyo, anachiyang'ana nthawi yaitali, mbale ya nkhuku ili m'dzanja lina. Kenaka anaitana azichemwali ake kuti adzaone.

Potuluka ndinaima pa beseni. Ndinatola kamera yaing'ono ija, ndipo lenzi yake inatuluka chifukwa ndinakhudza batani mwangozi. Mlangizi anadzidzimuka, kenaka anaseka mpaka kugwira mpanda.

"Mayo! Kanshi ni kamera? Nanga simunakambe bwanji?"

"Ninakamba," ndinatero.

"Mwakamba na ndani, na nyerere?" Anapukuta misozi ndi nsonga ya duku. Kenaka anati mwezi wamawa ali ndi phwando la mtsikana wina ku komboni ya George, ndipo akufuna wojambula wamkazi amene amamva akauzidwa kuti atsitse kamera. "Koma mubwere na chija chachikulu. Aka tizakaponyanso mu dishi."

Lamulungu alongo anga anabwera monga ananenera. Ndinaika makamera onse awiri pa thaulo, n'kukankhira yaing'ono kwa iwo.

"Ah ah. Iwe? Chikamera ichi?"

Ndinawafotokozera za beseni. Anaseka, koma atamva za kadontho anasiya kuseka. Anatulutsa kampira kopopera mpweya m'chikwama, analowa m'nyumba, anatseka chitseko ndi zenera, n'kuchotsa lenzi kamera itayang'ana pansi. Anapopera katatu. Anandiuza kuti ku Kanyama kuno lenzi isamachoke panja, kaya ndi nthawi ya fumbi kaya ya matope, ndipo kampirako anandisiyira.

Yaing'ono ija ndimaikumbukabe. Ndikamapita kukatunga madzi n'kuona kuwala kwa m'mawa pa zigubu, dzanja limapita m'chitenje momwe inkakhala. Yaikuluyi sindingapite nayo ku kiyosiki, ndipo mu minibasi imakhala pansi pa matewera mpaka nditatsika. Imalemera, ndipo lamba wake ali ndi mano a mwana wanga. Kuyankhula pagulu sindinaphunzirebe. Ndikafika pageti la phwando ndimaima kaye pambali, ndimavala lamba m'khosi, kenaka ndimalowa, ndipo wonyamula beseni amandipatukira.