Mawaya Awiri Obiriwira

Amuna anga, a Enoki, anabadwira pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kapondo. Makolo awo anali matenanti, anganso chimodzimodzi. Mwana wathu Yankho atabadwa mu 1998, iwo anati mwanayu asakulire m'chigafa ngati ife. Tinasamukira pa boda ya Mchinji, iwo kukaphunzira zamagetsi kwa mmisiri wina dzina lake a Cyprian, ine kugulitsa mtedza wophika kwa madalaivala a mathiraki.

Pangano linali lakuti a Cyprian awaphunzitse, kenaka akawaperekeze ku Lilongwe kumayeso aumisiri, thiredi tesiti. Kumeneko ankafuna mmisiri wodziwika woti akuchitire umboni kuti ntchito unaigwiradi. Zimenezi zikanakanika, kwathu kunali kubwerera ku fodya basi.

Nanga anawaphunzitsa? Bambo a Yankho ntchito yawo inali kusema zipupa ndi tchizulo kuti mudutse mapaipi a mawaya, ndi kusenza makwerero. Ankabwera nsidze zili psuu ndi fumbi la njerwa, lina m'makutu, ndipo madzi ochapira malaya awo ankachita kufiira. Nthawi yolumikiza mawaya ikafika, a Cyprian ankawatuma ndudu. Akapanda kuwatuma ankati, "Uzionera, maso ndiwo amaphunzira," uku atatchinga ndi msana wawo wonse. Zaka zinapita choncho. Amuna anga ankatola tizidutswa ta mawaya totayidwa n'kumayeserera pa thabwa kunyumba. Ankadziwa mitundu itatu ya nthawi imeneyo: wofiira, wakuda, ndi wobiriwira wa efi, umene umatayira moto pansi kuti usagwire munthu.

Tsiku lina mayi Esitele, eni golosale imene ndinkakhala pakhonde pake ndi beseni langa, anagula firiji ku Chipata. Pulagi yake sinkalowa m'soketi zathu, inafunika kusintha. A Cyprian anali pa bawo pansi pa mtengo wa mango, ndipo masewera anali atawakomera. Anangoponya sikuludiraiva.

"Enoki, kachite zimenezo. Pulagi ndi ntchito ya ana."

Amuna anga anaitola ndi manja awiri. Kanali koyamba. Analowa m'golosale, anadula chingwe, kenaka ndinawaona ataima pakhomo.

"Abwana, mawaya ake ndi achilendo. Wofiira mulibe, wakudanso mulibe."

"Bulauniyo ndiye wa moto. Wobiriwira upite ku efi, wotsalawo pamalo potsalapo."

"Obiriwira alipo awiri, abwana."

"Wobiriwira weniweni, iwe! Ndizikutafunira ndi chakudya chomwe?"

A Cyprian sanadzutse n'komwe mutu. Anzawo a pa bawo anaseka.

Kwathu kuno masamba a mango ndi obiriwira, kumwamba kukakhala kopanda mitambo timatinso kwabiriwira. Mawu ndi amodzi. Pachingwe paja panali waya wabuluu wopanda banga, ndi wina wa mtundu wa masamba koma wamizere yachikasu. Munthu atakuuzani kuti weniweni, inu mungatenge uti, wosakanizawo? Amuna anga anatenga wabuluu n'kuupititsa ku efi. Firiji inalira bwinobwino, iwo anatuluka akumwetulira.

M'mawa mwake mayi Esitele ankakolopa opanda nsapato. Atagwira chitseko cha firiji inawaponya pa kireti ya mabotolo, ndipo botolo losweka linawacheka mkono. Anthu anadzaza pakhonde, osintha ndalama, amakabaza, madalaivala. A Cyprian anafika, anatsegula pulagi, n'kuikweza m'mwamba kuti aliyense aone.

"Taonani! Ndani anamulola kugwira sikuludiraiva mnyamata ameneyu? Ine ndangotembenuka pang'ono, iye wayamba kale umisiri. Akanapha munthu!"

Amuna anga anangowerama. Ine sindilankhula pagulu, ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Koma tsiku limenelo pakamwa panatseguka pokha.

"Pepani bambo, sikuludiraivayo munawaponyera ndinu. Anakufunsani kawiri. Munati wobiriwira weniweni."

"Ee, nanga uwu ndi wobiriwira?" anatero a Cyprian akuloza wabuluu uja.

"Ndi wobiriwira, bambo," ndinatero.

Gulu linagawikana, ena ati inde, ena ati buluu ndi buluu. Mkulu wina wosintha ndalama, a Joe, anakuwa kuti, "Alamu, musavutike, amuna anu tiziwatcha a Shoko basi!" Onse anafa nacho chiseko, nkhani ya sikuludiraiva n'kuthera pomwepo. Amene anali pa bawo dzulo lake analipo, koma palibe anatsegula pakamwa. A Cyprian anachotsa ntchito amuna anga pamaso pa anthu onsewo. Zaka zonse zosema zipupa zija zinapita opanda umboni.

Dzina la Shoko, lonena za kugwidwa ndi magetsi, linamera. Ana ankalikuwa amuna anga akamadutsa, ndipo panalibe wowaitana ngakhale kudzasintha babu. Mvula itayandikira, kapitawo wa esiteti anabwera ndi lole kudzalemba matenanti, ndipo bambo a Yankho anandiuza kuti ndiyambe kumanga katundu. Ndinamanga ndikulira ndi mkwiyo.

Amene anatiimitsa ndi mayi Esitele, mkono uli m'bandeji. Anandiitanira kuseri kwa golosale.

"Amake Yankho, zonse zija ndinamva, ndinali pakauntala."

"Nanga bwanji simunanene, mayi?"

"Iii, mwana wanga, magetsi akandithimira ndiitana ndani pa boda pano?"

Zinandiwawa, koma anali asanamalize. Anali ndi mlamu wawo kuboma, a Benedict, mmisiri wa magetsi, ndipo anali atalankhula nawo kale.

Kumeneko amuna anga anayambiranso pachiyambi, ngati munthu amene sanaonepo waya. Ankapalasa njinga kupita kuboma, ine n'kumatsala ndi mwana pa boda. A Benedict anali aukali, ankakalipa mpaka oyandikana nawo kumva, koma ankawagwiritsa waya m'manja, kuutchula dzina, kuwapatsa tesita kuti ayese okha, akalakwitsa n'kuwamasulitsa zonse. Mu 2003 anapita nawo ku Lilongwe, ndipo bambo a Yankho anakhoza mayeso aja, giredi filii. Ku fodya sitinabwerere. Masiku ano amaika mawaya m'nyumba zatsopano ku Kamwendo ndi kuboma. Pa boda pano ena akadali kuwatcha a Shoko, iwo amangoyankha. Ine ndiye sindiyankha.

Mwezi wathawu a Cyprian anabwera kwathu ndi mlendo, mwini malo ogona amene akumangidwa kufupi ndi msewu. Ntchito inali yaikulu, ankafuna wowathandiza wokhala ndi mapepala. Amuna anga anali atachoka, ine ndinali pakhonde ndikusenda mbatata.

"Awa ndi akazi a mwana wanga Enoki," anatero a Cyprian kwa mlendoyo. "Mnyamata ameneyu ndinamuumba ndekha ndi manja angawa."

Mipando inali pafupi, kuseri kwa chitseko. Ndinatulutsa umodzi, ndinapatsa mlendo uja n'kumupatsa moni mogwada. A Cyprian anadikira wawo, akuyang'ana chitseko. Ine ndinakhalanso pansi n'kupitiriza kusenda mbatata zanga, iwo ali chiimire padzuwa.