Zilembo Ziwiri pa Mpanda Wathu

Atate atagula nyumba ya khonsolo imene tinkakhalamo ku Kabwata, anamanga mpanda wa mabuloko n'kulembapo ndi penti wakuda: NYUMBA INO SI YOGULITSA. Masiku amenewo akathyali ankagulitsa nyumba za eni, mwini wake ali m'katimo akumwa tiyi. Anzathu ankalemba chenjezo lotere m'Chingerezi, koma atate ankati wakuba amamva msanga ukamuyankhula m'chinenero chake.

Atamwalira, ntchito yobwereza zilembozo inagwera ine, chitsirizira, amene ndinatsala pakhomo ndi amayi. Mvula ikatha ndinkagula kachitini ka penti ku City Market n'kutsata dzanja la atate mmene linayendera, ngakhale S wawo wopendekeka uja. Amayi sadziwa kuwerenga, koma mpandawo ankaudalira kuposa galu. Munthu akagogoda pageti kufunsa za nyumba, iwo ankangoloza ndi ndodo: "Werengani apo." Munthuyo ankawerenga n'kumapita.

Kenako malo a ku Kabwata anayamba kudula. Nyumba ya kumanzere kwathu anaigwetsa, pakamera mafulati otiyang'anira m'bwalo. Ya kumanja inasanduka ofesi. Maejenti a nyumba akabwera sankayang'ana n'komwe zitseko kapena mawindo, ankangoyeza bwalo ndi mapazi. Mmodzi anandiuza pamaso, "Ba sisi, nyumba iyi ilibe nchito, ise tifuna chabe puloti." Ndinamutsekera geti, koma mawuwo anandikhala kukhosi.

Alongo anga awiri, wina wa lendi ku Kaunda Square, wina ku Chelstone, ankabwera Lamlungu lililonse akaweruka ku tchalitchi ndi nyimbo imodzimodzi: tigulitse, tigule malo ku Makeni, amayi tiwamangire kanyumba, aliyense apeze pake. Sindinganene kuti ankalakwa. Denga linkadontha pabedi pa amayi, madzi pampopi ankabwera mwa kufuna kwawo, ndipo wosuntha mabeseni ndinali ine. Koma nkhaniyi kwa amayi sankaitchula. Ankandisiyira ine ngati mbale zofunika kutsuka. Ndinakana zaka zitatu, chachinayi ndinatopa basi. Chifukwa china chabwinopo ndilibe.

Chaka chimenecho ndinagula penti woyera m'malo mwa wakuda. Loweruka m'mawa, amayi akusankha nyemba kuseri, ndinafufuta zilembo ziwiri zokha, S ndi I. Sizinanditengere ndi mphindi zisanu zomwe. Ndinati amayi ndiwauza masana, masana ndinati mawa, mawalo alongo anga anabwera, anawerenga mpanda, anadya, n'kumapita.

Lachitatu anagogoda bambo wina wa galimoto yaikulu. Amayi anandiyambirira kufika pageti.

"Werengani apo," anatero, ndodo ili m'mwamba.

"Nabelenga kudala, ba mayo," anayankha bamboyo, poti anali atawerenga kale. "Ndiye chifukwa nabwela. Ni zingati?"

Amayi anatuluka kumsewu n'kuyang'ana mpandawo nthawi yaitali. Mawu sankawadziwa, koma mpata anauona, woyera pakati pa zakuda ngati pamene pagweluka dzino. Anayandikira n'kupapasa pamalopo. Penti wa zaka zonse zija anali atakundikana, moti S ndi I zinkamveka m'zala ngakhale maso sankaziona. Sanafunse kuti wachita ndani. Ine ndinaima pageti manyazi atandigwira, ndikulakalaka atangondikalipira kuti zithe.

"Penti watsala?" anandifunsa.

"Watsala, amama."

"Katenge, ufufute zonse. Mukafuna kugulitsa mulembe ndi dzanja lanu. La atate ako lisagulitse nyumba."

Analowa m'nyumba osacheuka. Ndinakatenga kachitini kaja n'kuyambira pa N, bambo uja ali chiimire pambali panga, akuyeza bwalo ndi maso.